Wogulitsa usipa angalowe sukulu ya zamalonda?

Anyamata ndi atsikana ambiri a ku Metangula, Messumba ndi Cóbuè akumaopa kufunsira malo pa sukulu za Gestão ndi Contabilidade. Akuti sanagwirepo ntchito ya mu ofesi. Mantha amenewa ndi opanda maziko. Polowa licenciatura, yunivesite ya boma ifuna setifiketi ya kalasi 12, BI ndi kukhoza mayeso olowera, kawirikawiri a masamu ndi Chipwitikizi. Za zaka za ntchito amafunsa makamaka pa mestrado.

Ku Lichinga kuli Instituto Industrial e Comercial Ngungunhane ndiponso nthambi ya Universidade Rovuma, imene inakhazikitsidwa mu 2019. Chovuta chenicheni ndi lendi, chakudya ndi Chipwitikizi, popeza mwana wa kunyanja amakula ndi Chinyanja.

Nkhaniyi ikhudza mudzi wonse. Kuyambira 2006 boma linkapereka "sete milhões" ku distrito iliyonse, koma ngongole zambiri sizinabwezedwe. China mwa zifukwa chinali chakuti okongola ambiri sankalemba zolowa ndi zotuluka. Kunyanja kuno tikusowa odziwa kusunga mabuku.

Mwana amene amagula usipa pa gombe, kuuyanika pa thandala, kukaugulitsa ku Lichinga ndi kusintha makwacha a ku Likoma ndi mametikali, wayamba kale malonda. Chotsala n'kulemba. Inu makolo, mugulireni kope alembemo mtengo, zolipira galimoto ndi phindu tsiku ndi tsiku. Masamu a mayeso adzawazolowera momwemo, ndipo ndalama ya lendi idzaoneka msanga ngati ikukwana.