Mwana wa khunyu asamanidwe nsima chifukwa cha vidiyo ya pa foni

Sabata yatha mtsikana wina amene ndidamuphunzitsa mu Fomu 4 anandiimbira foni kuchokera ku Nthalire. Mwana wake wa zaka zisanu amagwa khunyu kangapo pa mwezi, ngakhale amamwa mankhwala. Ndiye waona pa WhatsApp zoti kuli kadyedwe kotchedwa keto kamene kamathetsa khunyu yokana mankhwala. Funso lake: "Aphunzitsi, ndimusiyitse nsima?"

Ndinamuuza kuti ayi, ndipo ndikufuna nanunso mumve chifukwa chake.

Keto si bodza. Dr Russell Wilder wa ku Mayo Clinic ku America ndiye adaitcha dzinali mu 1921. Wodwala amadya mafuta ambiri, zomanga thupi pang'ono, koma zakudya za sitachi ndi shuga pafupifupi osakhudza. Thupi likasowa shuga limayamba kuotcha mafuta, ndipo ubongo umagwiritsa ntchito mphamvu yochokera m'mafutamo. Kwa ana ena kugwa kumachepa. Pa kafukufuku wa ku London wa mu 2008, ana 38 pa 100 aliwonse amene adadya motere kugwa kwawo kudachepa ndi kupitirira theka. Ambiri sadafike pamenepo. Izi vidiyo siinena.

Tsopano taganizirani mbale ya kwathu kuno. Nsima ayi. Nthochi za ku Misuku ayi. Mbatata, chinangwa, thobwa la mawere, zonse ayi, ngakhale nyemba n'zowerengera. Kwatsala mapeyala, mazira, mtedza pang'ono, ndiwo zamasamba ndi mafuta ophikira, mafuta amene tonse tikudziwa mtengo wake. Kunjako chakudya chilichonse amachiyeza pa sikelo, magalamu anayi a mafuta pa galamu imodzi ya zina zija, katswiri wa kadyedwe ali pambali, magazi akupimidwa pafupipafupi. Popanda zimenezi mwana akhoza kudzimbidwa, kupinimbira, kapena kuchita timiyala mu impso. Ndipo agogo akangomumvera chisoni n'kumupatsa chigumu, ntchito yabwerera m'mbuyo.

Koma chachikulu kwa ine ndi ichi. Madokotala amati khunyu yakana mankhwala pokhapokha mitundu iwiri yoyenera itayesedwa, pa mlingo woyenera, tsiku ndi tsiku osadumphitsa, koma osathandiza. Nditamufunsa bwino mtsikanayu, zinadziwika kuti mwanayo wangomwapo phenobarbitone basi. Mlingo wake ndi womwe adamulembera ali ndi zaka zitatu, chonsecho mwana wakula. Nthawi ya mvula, msewu ukavuta, amatha milungu iwiri opanda m'bulu ndi umodzi womwe. Kodi pamenepa mankhwala akanika, kapena sanapatsidwe mpata? Bungwe la WHO limati anthu ofika 70 pa 100 a khunyu akhoza kusiyiratu kugwa atalandira chithandizo choyenera. Carbamazepine ndi sodium valproate mwanayu sanazilawepo.

Aphunzitsi anzanga, ifenso tili ndi mlandu. Mwana akagwa m'kalasi ena timathawa limodzi ndi ophunzira, ati thovu lingatipatsire. Khunyu sipatsirana. Chotsani madesiki pafupi, mugonekeni cham'mbali, musamuike supuni m'kamwa, yang'anani wotchi. Zikapitirira mphindi zisanu, kuchipatala msanga.

Mtsikana uja ndamuuza agule kope, azilemba tsiku lililonse limene mwana wagwa ndi tsiku limene sanamwe mankhwala. Mwezi ukatha apite nalo ku chipatala cha boma ku Chitipa, akapimitse mwana pa sikelo, akafunse za mlingo. Za keto akafunse komweko, kope lili m'manja.