Chopereka timawerenga atatu, nanga ana timasiyira ndani?

Lamulungu lililonse mapemphero akatha, m'matchalitchi ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni mumachitika kamwambo komwe sikalengezedwa kutsogolo. Mbale za chopereka zimalowa m'kachipinda, ndipo salowa nazo munthu mmodzi. Amalowa awiri kapena atatu. Wina amawerenga, wina amabwereza, wina amalemba m'buku, kenako onse n'kusayina. Palibe amakwiya kuti akumuganizira zakuba. Msungichuma, ngakhale akhale mkulu wa mpingo waimvi zake, amadziwa kuti ndalama za mpingo sagwira yekha.

Ndiye tazungulirani kuseri kwa tchalitchi chomwecho. Pansi pa mtengo, kapena m'kalasi yopanda mawindo oonekera bwino, muli ana makumi angapo ndi munthu wamkulu mmodzi. Anabwera liti mumpingo muno? Asanabwere ankapemphera kuti, nanga anachokako bwanji? Mukafunsa, yankho limakhala lakuti, "Aaa, ameneuja ndi wodzipereka kwambiri, ana amamukonda."

Ambiri mwa anthu ophunzitsa Sande sukulu, Tilitonse, kalasi, Pathfinder, Brigade ndi makwaya a ana ndi anthu abwino zedi. Ena ndi inu nomwe mukuwerenga pa foni apanu. Amagwira ntchitoyi osalandira kalikonse, choko amagula okha, ndipo Loweruka lawo limathera pa ana a eni. Koma njira yomwe anthu abwinowa amalowera ndi yomweyo yomwe munthu wa maganizo oipa angalowere. Kumangolengezedwa kuti tikufuna achinyamata othandiza ku ana, wokweza dzanja ndi yemweyo, sabata yamawa wayamba. M'matauni athu ano anthu sakhalitsa malo amodzi. Lendi ikakwera ku Zingwangwa munthu amasamukira ku Machinjiri, ndipo mpingo amasinthanso. M'mipingo yakale kuli kalata yosamukira, koma kawirikawiri kalatayo imangonena kuti munthu ndi mkhristu wa mgonero, basi. M'mipingo yatsopano yopemphera m'makalasi a sukulu za pulayimale, ngakhale kalatayo nthawi zambiri safunsa.

Mu 2013 m'dziko muno munachitika kafukufuku wamkulu wa nkhanza kwa ana, motsogozedwa ndi unduna woona za ana mothandizana ndi UNICEF. Anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, komanso mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanafike zaka 18. Chiwerengero cha anyamatacho chiwerengeninso, chifukwa m'mipingo mwathu tikati tikuteteza ana timaganiza za atsikana okha. Mnyamata wotumikira pa guwa kapena woyimba ng'oma m'kwaya amagona kwa "ankolo a ku tchalitchi" popanda wodandaula. Kafukufukuyo anasonyezanso kuti ochita nkhanza ambiri ndi anthu omwe mwanayo amawadziwa kale. Si munthu wobisala pa mlatho usiku ayi.

Kuti timvetse momwe mpingo ungaperekere ana m'manja mwa fisi uli maso, tiyeni tione nkhani yomwe inachitika kwa anansi athu ku Zimbabwe.

John Smyth sanali m'busa wodzozedwa. Anali loya wotchuka wa ku England, bambo wapabanja, yemwe ankatsogolera bungwe loyendetsa makampu achikhristu a anyamata. Ankasankha anyamata ena, n'kudzipanga bambo wawo wauzimu, kenako n'kumawakwapula ndi ndodo mpaka kutuluka magazi m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yake ku Winchester, ati kuwachotsa machimo. Mu 1982 m'busa wina, Mark Ruston, analemba lipoti lofotokoza zonsezi. Atsogoleri angapo analiwerenga. Kupolisi sanapite. Anangomuchotsa mwakachetechete kuti dzina la utumiki lisaipe.

Mu 1984 Smyth anasamukira ku Zimbabwe. Kumeneko anayambitsa Zambesi Ministries n'kuyambanso makampu a anyamata a sukulu, ndipo ena a ku England omwe ankamutumizira ndalama ankadziwa mbiri yake. Mu Disembala 1992 mnyamata wa zaka 16 anapezeka atafa m'dziwe losambiramo pa kampu ina ya Smyth. Chaka chotsatira loya wa ku Bulawayo, David Coltart, analemba lipoti la zomwe anyamata ankakumana nazo m'makampumo. Smyth anatsegulidwa mlandu koma mlanduwo sunafike kumapeto. Mu 2001 anapita ku South Africa, n'kulowanso mpingo wina, ndipo anamwalira ku Cape Town mu 2018 khoti lisanamugamule ndi mlandu umodzi womwe. Lipoti la Keith Makin lomwe linatuluka mu Novembala 2024 linati anazunza anyamata pafupifupi 30 ku UK ndi ena pafupifupi 85 kuno ku Africa. Patangopita masiku ochepa, Justin Welby, Arkiepiskopi wa Canterbury, analengeza kuti akutula pansi udindo.

Taonani manambalawo bwino. Ana ochuluka anazunzidwa nkhani itadziwika kale. Chomwe chinawapweteka ndi atsogoleri omwe anaona ngati vuto latha poti munthuyo wachoka pakhomo pawo. Kwathu kuno timazitcha kuti "wangosiya kubwera" kapena "anasamuka". Anasamukira kuti? Ku Bangwe kulinso ana.

Chinanso n'chakuti Smyth akanapita kukatenga police clearance, chikalatacho chikanatuluka choyera. Sindikunena kuti chikalatachi n'chachabe. Mpingo womwe ukupereka ana m'manja mwa munthu uyenera kuchifuna, makamaka kwa mtsogoleri wa ana ndi aliyense wopita nawo kokagona. Apolisi amatenga zidindo za zala n'kuona ngati munthu anapezekapo wolakwa kukhoti. Pamakhala kolipira, ndipo ine ndikuona kuti ndalamayo iyenera kuchokera m'thumba la mpingo, osati la mnyamata yemwe akusakabe ntchito. Mpingo womwe umakwanitsa kugula masipika akuluakulu sungalephere zimenezi. Koma chikalatachi chimagwira okhawo omwe anagwidwapo kale, ndipo milandu yambiri yotere sifika n'komwe kupolisi.

Chomwe chimagwira ntchito kwambiri n'chotsika mtengo: mayunitsi a foni imodzi. Munthu akafuna kutumikira ana, alembe dzina lake monga lilili pa chiphaso cha unzika, komwe amakhala, ndi mpingo womwe wachokera. Kenako mkulu wa mpingo kapena mayi wa Mvano ayimbire mpingo wakalewo, pa nambala yomwe waifufuza yekha, osati yomwe wapatsidwa ndi mwini wakeyo. Asafunse kuti, "Kodi ndi mkhristu wabwino?" chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Afunse kuti, "Abusa, munthuyu ankagwira ntchito ndi ana kwanuko? Panamvekapo dandaulo lililonse? Mwana wanu mungamusiyire?" Ngati kumbali inayo kwakhala zii kwa kanthawi, kapena mwamva kuti "nkhani zake n'zovuta kukamba pa foni", mwayankhidwa kale. Mipingo yambiri kunja kuno ilinso ndi lamulo loti mlendo akhale kaye miyezi isanu ndi umodzi asanapatsidwe ana. Munthu wofunadi kutumikira amadikira, pakali pano n'kumakonza mabenchi. Wofuna ana okhaokha, ndipo lero lomwe, ameneyo ndi woti timuyang'ane kawiri.

Ngakhale mutafufuza chotani, ena adzadutsabe. N'chifukwa chake kachitidwe ka tsiku ndi tsiku n'kofunika kuposa fomu. Lamulo lalikulu ndi lomwe lija la chopereka: wamkulu asakhale yekha ndi ana, ndipo makamaka asakhale yekha ndi mwana mmodzi. Akhale awiri, osati mwamuna ndi mkazi wake kapena munthu ndi mchimwene wake, chifukwa apabanja amabisirana. Chitseko chikhale chotsegula. Mwana akafuna uphungu kapena pemphero lapadera, zichitikire poonekera, pa benchi ya panja pomwe ena akuona ngakhale sakumva. Izi za "mwanayu ali ndi ziwanda, mum'tumize kunyumba kwanga madzulo ndikamupempherere" zithe, kaya wonenayo ndi mneneri wamphamvu bwanji.

Malo oopsa si Lamulungu m'mawa pomwe anthu ali piringupiringu. Ndi pulakatisi ya kwaya ya Lachinayi yomwe imatha mdima utagwa, magetsi atathima, kenako mmodzi n'kudzipereka kuperekeza kamtsikana ka ku Makata kapena ka kuphiri. Ndi ovanaiti yomwe ana amagona pa mphasa kuseri akuluakulu ali kalikiliki kupemphera. Ndi ulendo wa kwaya wa ku Mulanje kapena kunyanja, komwe zogona zimakonzedwa mutafika kale. Pa ulendo uliwonse makolo adziwe amene akupita ndi ana awo ndi komwe akagone, anyamata kwaokha, atsikana kwaokha, ndipo wamkulu asagone pa mphasa imodzi ndi mwana wa eni.

Ndiye pali foni. Apa ndikulankhula ndi ife achinyamata, chifukwa akuluakulu a seshoni ambiri sadziwa zomwe zimachitika mu inbox. Mphunzitsi wa Sande sukulu alibe chifukwa chochezera ndi mwana wa Fomu 1 pa WhatsApp 11 koloko usiku. Uthenga wa pulakatisi upite pa gulu pomwe pali makolo kapena atsogoleri ena. Ogwirira ana sayamba ndi kugwirira. Amayamba ndi bandulo, tchipisi, ndalama ya kabaza, ndi mawu oti "iwe ndiwe wosiyana ndi anzako". Amazoloweranso makolo, mpaka mayi kumanena kuti ankolowa ndi dalitso pakhomo pano. Amasankha mwana yemwe bambo ake ali ku Joni, kapena wokhala ndi agogo, kapena yemwe fizi ikuvuta. Kenako pamabwera kachinsinsi kakang'ono koyesera ngati mwanayo amaulula. Mukaona mnzanu wa mu utumiki akukondera mwana mmodzi motere, kumuuza mtsogoleri si miseche. Ndipo malamulowa amakutetezani inunso. Ngati simunakhalepo nokha ndi mwana, palibe angakunamizireni.

Pomwe mipingo yathu imagwa kwambiri ndi pamene mwana waulula. Nthawi yomweyo kumayitanidwa akuluakulu, kumabwera ankhoswe ndi amalume, mawu n'kukhala oti "tikambirane ngati banja la Mulungu, tisachititse manyazi mpingo". Wolakwayo amalira, amadulidwa kwa miyezi ingapo, kenako amabwezeredwa anthu akuyimba. Mwanayo ndi amene amasiya kubwera kutchalitchi, ndipo amayi ena amamunena kuti ndi wokula mtima, ankavala mothina. Koma abale, mwana wa zaka 13?

Kudula munthu mumpingo ndi nkhani ya mpingo, ndipo mpingo uli ndi ufulu wochita zimenezo. Kugona ndi mwana ndi mlandu wa boma, womwe chilango chake chachikulu ndi kukhala kundende moyo wonse. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalamula wosamalira ana, wachibale, ngakhale munthu wamba wa m'dera, kuti akakhala ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana akuchitidwa nkhanza akanene kwa apolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu. Silinena kuti muyambe mwapeza umboni wonse, kapena kuti mudikire seshoni ya mwezi wamawa. Kufufuza ndi ntchito ya apolisi. Ntchito ya mpingo ndi kumuchotsa munthuyo pa ana tsiku lomwelo, nkhani ili mkati, ndipo akasamuka, kuuza mpingo womwe wapitako. Kukhululuka kulipo, inde, koma munthu wokhululukidwa akhoza kupemphera pa benchi ngati wina aliyense osapatsidwanso kalasi ya ana.

Mwana akakuuzani inu, mwina chifukwa ndinu achemwali kapena aphunzitsi omwe amawakhulupirira, musakuwe ndipo musamupanikize ndi mafunso ngati kukhoti. Mumvetsereni, muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo si kulakwa kwake. Musalonjeze kuti simuuza aliyense, chifukwa muyenera kuuza omwe angathandize. Musayitanenso woganiziridwayo kuti "amve mbali zonse" mwanayo ali pompo.

Kuno ku Blantyre, pa chipatala cha Queens pali One Stop Centre, yomwe ena amaitcha Chikwanekwane, komwe achipatala, apolisi, a zachisamaliro cha anthu ndi aphungu amathandizira malo amodzi. Ngati mwana wagwiriridwa, nthawi ndi yofunika kwambiri: mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira n'kwabwino koposa. Zovala zomwe anavala musachape, pitani nazo. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit. Ngati simukudziwa poyambira, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana yomwe amayendetsa a YONECO, kapena 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Mwana akhoza kuyimba yekha 116, koma ayenera kuidziwa kaye. Pa bolodi ya zolengeza, pomwe pamakhala mndandanda wa osesa m'tchalitchi ndi malonjezo a Paper Sunday, nambalayi ilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu, m'munsi momwe mwana wa Sitandade 3 angawerenge osakwera pa benchi.