Mabogi Atsopano Sathamanga Panjanji Yotha

Osema ziboliboli amene amagulitsa malonda awo ku Mukuni Park, m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya mu Livingstone, amadya thukuta lawo pokhapokha alendo akafika. Njanji inafika m'tauniyi ulalo wa pa Zambezi usanathe mu 1905, koma alendo ambiri amabwera pabasi ndi pandege. Sitima anaithawa chifukwa cha kuchedwa.

Mamembala a chipani kumidzi ayenera kudziwa mmene zinayendera, pakuti ngongole ya Boma imabwezedwa ndi mlimi yemwe. Kampani ya Zambia Railways inabadwa mu 1967. Mu 2003 njanji inabwereketsedwa kwa Railway Systems of Zambia, ndipo mu Seputembala 2012 Boma la Pulezidenti Michael Sata linailanda. Pa ngongole ya madola 750 miliyoni imene dziko linatenga chaka chimenecho, madola 120 miliyoni anapatulidwira njanji. Mu 2014 sitima ya Golden Jubilee inayamba kuyenda ndi mabogi ochokera ku South Africa. Mabogiwo anali okongola ndithu, koma pansi pake panali njanji yakale yosalola liwiro, kotero ulendo wa ku Kitwe unkadyabe tsiku lathunthu ndi kupitirira. Pofika Novembala 2020 dziko linalephera kulipira ngongole zake.

Kukazinga si kupsereza. Amene apatsidwa udindo wosaina pangano logulira sitima ayenera kuyamba ayeza njanji, maulalo ndi masiteshoni asanatchule mtengo. Anzathu a ku South Africa anaziona: mu 2015 kunamveka kuti mainjini 13 a Afro 4000, amene bungwe la PRASA linaitanitsa ku Spain, anali aatali msinkhu kuposa muyezo wa njanji zawo, ndipo mu 2017 khoti linathetsa pangano lonselo la marandi 3.5 biliyoni. Njanji zawo ndi zathu n'zofanana m'lifupi, mamilimita 1,067. Msampha umenewo ungakole aliyense.

Choncho pangano lililonse litchule zipangizo zosinthira, maphunziro a amakaniko a ku Kabwe, ndi chilango cha wogulitsa akachedwa. Ndalama zituluke pang'onopang'ono, mabogi atayesedwa pakati pa Livingstone ndi Lusaka. Apampando a nthambi ndi mawadi afunse phungu wawo pamsonkhano wapoyera kuti anapikisana ndani, anapambana ndani, ndipo pamtengo wanji.