Chinyanja chathu si "dialeto"

Aphunzitsi anzanga, sabata yatha mayi ena anabwera kudzapempha kuti mwana wawo achoke m'kalasi ya zinenero ziwiri. Anati: "Aphunzitsi, dialeto amaidziwa kale kunyumba, ife tikufuna Chipwitikizi." Sindinawaimbe mlandu. Inenso ndili mwana ndinagwadapo pamiyala chifukwa cholankhula Chinyanja m'kalasi. Koma mawu awo anandikumbutsa mlembi wina wa ku Scotland, James Kelman.

Kelman anabadwira mu mzinda wa Glasgow mu 1946. Anasiya sukulu ali ndi zaka 15 n'kuyamba kuphunzira ntchito yosindikiza mabuku, ndipo anagwirakonso ntchito m'mabasi. Atayamba kulemba nkhani, anazilemba m'kalankhulidwe ka anthu wamba a ku Glasgow, kamene ophunzira ambiri a ku London ankakaona ngati Chingerezi chowonongeka. Buku lake, How Late It Was, How Late, limafotokoza za Sammy, munthu amene wachita khungu atamenyedwa ndi apolisi, ndipo akuyendayenda m'maofesi a boma kufuna thandizo koma palibe womumvetsa. Mu 1994 bukuli linapata mphoto ya Booker. Mmodzi mwa oweruza, Julia Neuberger, ananena poyera kuti kupambanako kunali kochititsa manyazi. Polandira mphotoyo, Kelman anaumirira kuti chinenero ndi chikhalidwe cha anthu akwawo zili ndi ufulu wokhalapo.

Zaka zomwezo, kuyambira 1993 mpaka 1997, kuno ku Tete ntchito ya PEBIMO inkayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi. Mu 2003 boma linayamba maphunziro a zinenero ziwiri m'sukulu zina. Papita zaka zonsezi, koma mawu akuti "dialeto" akadali pakamwa pathu, ngakhale ife aphunzitsi.

Mayi aja ali ndi mfundo. Mayeso a m'tsogolo, makalata a ku ofesi ndi ntchito zambiri zimafuna Chipwitikizi, ndipo mwana wa ku Ulongwe ayenera kuchidziwa bwino lomwe. Sindikunenanso kuti buku la Kelman tiwapatse ana, muli kutukwana kwambiri. Chimene ndikutolapo n'chakuti kalankhulidwe konyozeka kaja kanatha kunyamula mantha, ukali ndi nthabwala za munthu kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Nanga Chinyanja, chimene chili ndi Baibulo lathunthu kuyambira 1922, chingalephere bwanji kunyamula masamu a kalasi yachiwiri?

Ndimaziona tsiku ndi tsiku. Ndikafunsa m'Chipwitikizi, kalasi imangoti zii. Ndikati, "Tandiuzani mmene mumakumbira kachewere ndi kukagulitsa ku Calomue," manja amakwera m'mwamba, ndipo mwana amene ndinkamuyesa wosalankhula amawerengera mitengo ya matumba mosaphonya. Amene wadziwa kuwerenga m'chinenero chake, pofika pa Chipwitikizi sayambanso kuphunzira kuti chilembo n'chiyani. Amangophunzira mawu atsopano.

Mayi aja ndinawakhazika pansi, ndipo mwana wawo anawawerengera kankhani kamene analemba yekha. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati akakambirana kaye ndi bambo a mwanayo. Ndikudikirabe yankho.

Pakadali pano pempho langa ndi limodzi. Mawu akuti "dialeto" tiwachotse m'makalasi mwathu, ndipo chinenerochi tizichitchula dzina lake. Inu kusukulu kwanu, makolo otere mumawayankha bwanji?