MBC ndi ya ife tonse, tiloweko maso ali gwa

Asisi, lero tikambe za ntchito ya pa MBC. Ambiri mwa ife amene tinaphunzira utolankhani ku MUBAS kapena ku MIJ, ngakhale amene tikungolota tsiku lodzagwira maikolofoni, tikamva kuti kwatuluka mwayi wa ntchito ku Chichiri kapena ku Kwacha, mtima umagunda. Kenako anzathu amatiuza kuti, "Iwe, kumene kuja? Wailesi ya boma ija?" Ife tikuti lowaniko. Koma mudziwiretu nyumba imene mukulowayo.

Tiyambe ndi zabwino, chifukwa zilipo ndithu. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo mpaka pamene ndale za zipani zambiri zinabwera mu 1994, munalibe wailesi ina m'dziko muno. Kanema wa TVM anayamba mu 1999, kenako anaphatikizidwa ndi MBC. Zaka zonsezi zasiya chinthu chimene mawailesi ambiri atsopano alibe: anthu akumudzi anakula nayo. Ukawerenga nkhani pa Radio 1, agogo ako ku Nsanje kapena ku Chitipa amakumva. Nkhani zimaulutsidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, m'Chitonga ndi m'Chingerezi. Ganiziraninso pulogalamu ya Zokonda Amayi, momwe inasonkhanitsira amayi m'magulu m'maboma osiyanasiyana, kuthandizana pamaliro ndi paukwati, intaneti isanafike m'manja mwathu. Imeneyo ndi mphamvu, abale.

Komanso wailesi yaikulu ndi sukulu. Umaphunzira kulemba nkhani nthawi ikukuthamangitsa, kumasulira mawu a nduna kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa choti mlimi amve, kudula mawu pa kompyuta, kuyankhula pa kamera mvula ikukugwa pamutu. Kuli ntchito zimene sitiziona pa sikirini: okonza mapulogalamu, ojambula, amisiri a makina otumiza mawu, osunga matepi akale. Wailesi sigona, ndiye kuli mashifiti a usiku, a m'bandakucha, a pa Khirisimasi. Ntchito yake si yongodzola zodzoladzola n'kumwetulira ayi.

Tsopano tibwere pamene pagona nkhani. Bwana weniweni wa MBC ndi ndani? Pa pepala, ndi ife tonse. Lamulo la Communications Act la 2016 limaiona ngati nyumba youlutsira mawu yotumikira anthu onse, ndipo mbali ina ya ndalama zake imachokera mu bajeti ya dziko, kutanthauza misonkho yathu, ngakhale VAT imene timalipira pogula mayunitsi. Koma mamembala a bodi yake amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo bodiyo ndi imene imalemba ntchito mkulu wa MBC. Mukuona pamene chingwe chathera?

N'chifukwa chake chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira kuti MBC ndi yokondera, chikalowa m'boma n'kuyamba kuikonda momwe ilili. Amene analipo nthawi ya Bingu wa Mutharika akukumbukira pulogalamu ya Makiyolobasi, imene inkanyogodola otsutsa boma. Mu 2007 aphungu otsutsa, omwe anali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo, anabwezera popatsa MBC ndi TVM K1 yokha mu bajeti. Andale ankamenyana, koma nkhawa ya lendi ndi fizi ya ana inali ya ndani? Ya ogwira ntchito.

Munthu wogwira ntchito pamalo otere amaphunzira msanga luso limodzi losalembedwa mu kontirakiti: kuwerenga nkhope ya bwana. Amadziwa nkhani yoti isatuluke, funso loti lisafunsidwe, dzina loti lisatchulidwe. Ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife ngati akazi. Mantha amene amatseka pakamwa mtolankhani pa nkhani ya ndale ndi omwewo amene amatseka pakamwa mtsikana bwana akamutsekera chitseko cha ofesi. Pamalo pamene aliyense akudziwa kuti bwana ali ndi "akuluakulu" kumbuyo kwake, ukadandaula kwa ndani?

Izi si zongoganiza. Mu Marichi 2021, bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission linatulutsa lipoti la kafukufuku wake pa MBC. Linapeza kuti amene kale anali mkulu wa MBC anachitira amayi ena ogwira ntchito kumeneko nkhanza zokhudza kugonana, ndipo linalangiza kuti amayiwo apatsidwe chipukuta misozi. Patapita masabata ochepa apolisi anamanga mkuluyo. Za mlandu tisiyire akhoti. Chimene ife sitiyenera kuiwala ndi ichi: amayi aja anali anthu odziwa kuyankhula, ogwira ntchito m'nyumba imene ntchito yake ndi mawu, komabe zinatengera bungwe lakunja kuti mawu awo amveke. Nanga wophunzira ntchito wa zaka 22, amene akungodikira kuti mwina amulemba?

Tikudziwa zimene ena anene. "Ndiye bolani osapitako, pitani ku mawailesi omwe si a boma." Eti? Ngati kuti kumeneko kulibe mabwana a manja aatali. Nkhanza za mtunduwu zimapezeka m'nyumba zambiri zoulutsira mawu, m'mabanki, m'masukulu, ngakhale m'mabungwe omwe si a boma. Ndiponso m'manyuzirumu ambiri mkazi amakankhidwira ku nkhani za zophikaphika, za mafashoni ndi za ana, pamene za Nyumba ya Malamulo, za chuma ndi maulendo okhala ndi alawansi zimapita kwa amuna. Kusiyana kwake n'kwakuti pa MBC tili ndi ufulu wonse wofunsa, chifukwa timailipira ndi ife. Tikaithawa, adzasankha ndani nkhani imene dziko lonse limve 7 koloko madzulo? Adzaletsa ndani kuti mtsikana wogwiriridwa asafunsidwe pa wailesi kuti anavala chiyani?

Ena amati, "Amayi alipo kale ambirimbiri pa MBC TV, mukufunanso chiyani?" Zoona, nkhope zathu zimaoneka. Koma kuwerenga nkhani ndi kwina, kusankha nkhani yowerengedwayo ndi kwina. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito za boma, akazi kapena amuna asachepere 40 pa 100 alionse ndipo asapitirire 60. Mzimu wa lamuloli usathere pa sikirini. Ufike pa mpando wa mkonzi, wa mkulu wa mapulogalamu, wa mkulu wa amisiri, ndi mu bodi momwe.

Ndiye kwa inu amene mukulemba kalata yofunsira ntchito kapena mwangoyamba kumene, nazi zoti musunge pamtima.

Dziwani lamulo. Gawo 6 la Gender Equality Act limati nkhanza zokhudza kugonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Gawo 7 limafuna kuti olemba ntchito akhale ndi ndondomeko yothana ndi nkhanzazi, ndipo simukakamizidwa kudikira kuti nkhani ithere kaye mkati mwa ofesi musanapite nayo kwina. Funsani ndondomekoyo sabata yoyamba. Kufunsa si mwano.

Sungani umboni. Mauthenga a pa WhatsApp, tsiku, nthawi, malo, amene anaona. Muuzeni mnzanu mmodzi amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo.

Dziwani za uchembere. Lamulo la Employment Act limapereka masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere, malipiro onse akubwera, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. Kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha mimba n'kuphwanya lamulo, ndipo khoti la Industrial Relations Court lilipo pa nkhani zotere.

Musayende nokha. Kuli Association of Women in Media, kuli MISA Malawi, kuli amayi amene akhala mu situdiyo zaka zambiri ndipo amadziwa ngodya zonse. Ndipo mnzanu akayankhula, musathamangire kunena kuti akufuna kutchuka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma tisasenzetse mtsikana katundu yense ngati kuti vuto ndi kusachenjera kwake. Kwa oyendetsa MBC ndi aphungu athu tikuti: njira yoperekera madandaulo isamathere pa desiki ya munthu amene akudandaulidwayo. Ophunzira ntchito nawonso atetezedwe ndi ndondomeko yomweyo. Wa shifiti ya usiku akhale ndi galimoto ya kuntchito yomufikitsa pakhomo ku Ndirande kapena ku Bangwe, asamadalire lifiti ya bwana. Chaka chilichonse tiuzidwe poyera kuti amayi ndi angati m'maudindo akuluakulu. Ndipo lamulo lisinthidwe kuti bodi isankhidwe poyera, anthu atafunsira, osati ngati mphatso ya kampeni. Bwana amene sadalira chipani amaopa lamulo, ndipo bwana woopa lamulo amaganiza kawiri asanatseke chitseko chija.

Mwina tiyambire pa kakang'ono. Tisiye kuitchula kuti wailesi ya boma. Maboma abwera n'kupita kuyambira 1964, koma msonkho ndi wathu, zilankhulo ndi zathu, omvera ndi amayi athu. Tumizani izi kwa mtsikana aliyense amene mukumudziwa kuti akufuna ntchito ya pa wailesi, ndipo mumuuze kuti akalembe kalatayo.