Kukhuthula zakukhosi kumachiza, koma kuli ndi njira yake

Munthu akamavutika maganizo, ambirife timangomuuza kuti, "Limbani mtima, zitha." Timanena ndi mtima wabwino, koma mnzathuyo amabwerera kwawo katundu ali pamutu pomwepo. Chikhalirecho pali thandizo lopanda jakisoni ngakhale mapiritsi: kukhala pansi ndi phungu wophunzitsidwa bwino n'kumakambirana mlungu ndi mlungu. Nanga kulankhula chabe kungachize bwanji?

M'zaka za m'ma 1960, dokotala wa ku America, Aaron Beck, anaona kuti odwala ake anali ndi mawu amene ankadziuza mumtima mosazindikira, monga akuti "ndine wachabechabe" kapena "anthu onse akundiseka." Mawuwa amabwera mothamanga moti mwiniwake amangowakhulupirira. Tiyerekeze bambo amene ntchito yamuthera. Amadziuza kuti ubambo wamukanika, amasiya kupita kumaliro ndi kutchalitchi poopa mafunso, ndipo akakhala yekhayekha amatsimikiza kuti palibe womufuna. Phungu samukalipira. Amangomufunsa kuti, "Ndani wakuuzani zimenezi? Zikanagwera mnzanu, inu mukanamuuza chiyani?" Munthu akamva maganizo ake akutuluka pakamwa pake pomwe, amayamba kuona pamene wakhala akudzinamiza.

Apa ndi pamene uphungu umasiyanirana ndi malangizo a ankhoswe kapena amalume. Iwo amakuuza chochita. Phungu amakuthandiza kuchipeza wekha, chifukwa njira yodzisankhira munthu saisiya msanga. Ndiponso zimene wamuuza sizikamveka kuchitsime.

Umboni uli kwa anansi athu ku Zimbabwe. Mu 2006, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Poti madokotala a maganizo anali ochepa kwambiri, anaphunzitsa agogo aakazi kuti azikhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu odwala "kufungisisa," mawu a Chishona otanthauza kuganiza mopitirira muyeso. Amakumana kasanu ndi kamodzi. Munthu amayamba watchula mavuto ake onse, kenako amasankhapo limodzi loyamba nalo, n'kukonza yekha kanthu kakang'ono koti akachite asanabwerenso. Ngongole, nkhanza za m'banja ndi matenda, zimene zinali mtolo umodzi wosanyamulika, zimamasulidwa n'kumagwiridwa chimodzichimodzi. Kafukufuku wa anthu 573 amene anatuluka mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse okhala pa benchi ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matendawa, pamene mwa olandira thandizo la nthawi zonse anali pafupifupi 50.

Komabe tisanamizane. Uphungu subweza ntchito yotha, ndipo suchiza tsiku limodzi. Munthu amene akumva mawu amene anzake sakumva, kapena akuganiza zodzipha, afunika kupita naye kuchipatala msanga, ndipo mwina adzafunika mankhwala. Zipatala monga Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu zilipo chifukwa cha zimenezi.

Inu abambo amene munakula mukumva kuti mwamuna salira, ngati maganizo akukusowetsani tulo, pitani kuchipatala chapafupi mukafunse za phungu. Ndipo mnzanu akayamba kukhuthula zakukhosi, musathamangire kumulangiza. Yambani mwamumvetsera mpaka amalize.