Tsegulani kabati, mwana aveke cidole

Mwezi wathawu ndinakaceza kwa alamu anga ku Tete. M'kabati ya magalasi, pakati pa mbale za alendo, munaima cidole cacizungu cidakali m'bokosi mwake. Mwana wao wa zaka 6 ankangociyang'ana, mphuno ataigunditsa pagalasi. Nditafunsa, amake anati: "Angaciononge, n'ca ndalama zambiri." Ndinakhala cete poti ndinali mlendo. Pano sindili pakhomo pa eni, ndiye ndinena: kutsekera cidole m'kabati ndi kumana mwana.

Ine ndinabadwira ku Angónia, koma ubwana wanga ndinaudyera ku Dedza, kumene tinathawira nkhondo. Cidole canga cinali citsononkho, tsitsi lake ndevu za cimanga. Zovala zake tinkakapempha kwa telala wa pakhonde la sitolo, tizidutswa ta kapulana timene tinkagwa pansi pa makina. Agogo ankatibwereka singano imodzi yokha, ndipo woitaya ankaona zakuda. Pa citsononkho cimeneco ndi pamene ndinaphunzirira kulowetsa ulusi, kupinda m'mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke, kumanga duku ndi kubereka mwana. Mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992 tinabwerera kwathu, ndipo m'mulu wa kalamidade amai anandipezera cidole ca pulasitiki. Cinali cimbulanda, ca mkono umodzi. Cisanathe sabata cinali ndi madiresi atatu, onse osoka ine.

Mudzati: "Zimenezo zinali za umphawi, ana athu akhale ndi zamakono." Cabwino, tiyeni tione zamakonozo. Barbie, cidole cochuka ca ku America, anacitulutsa a kampani ya Mattel ku New York mu 1959, pa mtengo wa madola 3. Cinkabwera ndi kacovala kosambira ka mizere yakuda ndi yoyera, zovala zina n'kumagulitsidwa pazokha. Ruth Handler, mai amene anaciganiza, anali ataona mwana wake wamkazi akusewera ndi tizidole ta mapepala tosintha zovala. Ngakhale kumeneko, cidole anacipangira kuvekedwa ndi kuvulidwa.

Za kusunga m'bokosi anayambitsa ndi akuluakulu ena amene amasonkhanitsa zidole zakale. Kwa iwo cidole cosatsegulidwa ndico cokwera mtengo, ndipo za 1959 zija amagulitsana madola masauzande. Ndalama ndi zao, acite nazo zimene afuna. Koma ca alamu angaco n'capamsika, sadzacigula munthu, ndipo ife tatengera khalidwe la osunga, woluza ndi mwana.

Mudzatinso ndalama n'zovuta ndipo ana amaononga. N'zoona. Nanga ngati mtima wanu sungapirire kuona cidole citada, munacigulira ciani? Mukadagula singano ndi ulusi, cenji n'kutsala. Cidole cothothoka tsitsi ndi cimene cagwira nchito yake.

Yang'anani zimene zikucitika m'midzi yathu ya m'malire. Mtsikana wa zaka 15 batani likaduka pa yunifolomu amadikira amake. Siketi ikang'ambika pang'ono, taya, tikagule ina pa kalamidade. Tizidutswa ta kapulana timene ife tinkalimbirana, lero telala amatisesa n'kutentha. Ndipo mnyamata akagwira singano mumamuseka, pamene telala amene mumamulipira pakhonde paja ndi mwamuna. Akulu anati m'mera mpoyamba. Manja amene sanasokere cidole ali aang'ono adzaopa nsalu yeniyeni atakula.

Sindikuti titaye zidole za m'sitolo n'kubwerera ku zitsononkho. Gulani ngati muli nazo, koma mukafika kunyumba ng'ambani bokosilo, mupatse mwana. Mupite nayenso kwa telala akapemphe yekha tizidutswa.

Ine ndatumiza kale ku Tete kathumba ka tinsalu, ulusi wofiira ndi singano ziwiri. Catsala ndi kiyi wa kabati, ndipo ali ndi inu, alamu.